Filimu ya Moyo wa Sembène: Zimene Wophunzira Anaona mwa Mphunzitsi Wake, ndi Zimene Anazidutsa

Ousmane Sembène anali mwana wa msodzi. Anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, m'chigawo cha Casamance kumwera kwa Senegal, tauni ya m'mbali mwa mtsinje waukulu kumene mwana wamwamuna amadziwa bwato ndi ukonde asanagwire choko. Kusukulu anamuchotsa ali wachichepere atalimbana ndi mphunzitsi. Anagwirako ntchito ya umakaniko ndi yomanga nyumba ku Dakar, analowa usilikali wa France pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, kenako anakakhala wonyamula katundu padoko la Marseille. Munthu ameneyu ndi amene lero amatchedwa tate wa mafilimu a mu Africa. Kwa ife a kuno ku Nkhotakota, kumene ana ambiri amasiya sukulu n'kulowera kunyanja, mbiri yotereyi siifunika kuithira mchere kuti itigwire mtima.

Mu 2015 kunatuluka documentary yofotokoza moyo ndi ntchito zake, yotchedwa Sembene! Anaipanga anthu awiri: Samba Gadjigo wa ku Senegal, amene panthawiyo anali mphunzitsi pa Mount Holyoke College ku America, ndi Jason Silverman wa ku America komweko. Inayamba kuonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance, kenako ku Cannes, ndipo ndi yotalika pafupifupi ola limodzi ndi theka. Anyamata ndi atsikana a pano pa boma ndi a ku Dwangwa amene ayamba kujambula timafilimu ndi mafoni amakonda kufunsa ngati mafilimu onena za akatswiri akale angawaphunzitse ntchito. Filimu iyi ndi yabwino, ndipo ndikufuna aliyense wa iwo aionere. Koma aionere akudziwa kuti mphamvu yake ndi kuperewera kwake zikutumphuka pa kasupe mmodzi: amene akusimba nkhaniyo ndi munthu amene anamukonda Sembène ngati bambo ake omubereka.

Wopanga documentary ya munthu wotsogolera mafilimu sakhala ndi zipangizo zambiri. Amadalira tizigawo todula m'mafilimu a mwiniwakeyo, zithunzi zakale, zimene munthuyo anayankhula pa wailesi kapena pa TV ali moyo, ndi anthu omudziwa amene amawakhazika pampando n'kuwafunsa mafunso. Zonsezi zili ndi eni ake. Kagawo ka mphindi imodzi ka filimu sungangokatenga. Pamafunika chilolezo, ndipo kawirikawiri ndalama. Makalata ndi zithunzi zimakhala m'manja mwa banja. Choncho amene akusunga makiyi a zinthuzi amakhala ndi mphamvu pa nkhani yonse ngakhale asatsegule pakamwa. Wotsogolerayo akakhala kuti ali moyo, vuto limakula, chifukwa iyeyo ndiye amakhala mboni yaikulu pa mlandu wake womwe. Chaka chomwecho cha 2015 kunatuluka documentary ina yonena za Brian De Palma, wotsogolera mafilimu wa ku America, momwe woyankhula kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi De Palma yekha. Munthu amaphunziramo zambiri za kagwiridwe ka kamera, koma palibe womutsutsa.

Ya Sembène ndi yosiyana chifukwa mwiniwake anali atamwalira kale, pa 9 June 2007. Apa zimafanana ndi zimene timachita pamaliro nthawi yonena mbiri ya malemu ikakwana. Sitiitana munthu wodutsa m'njira. Timaimika wa pabanja, amene ankadya nawo mbale imodzi, chifukwa ndiye akudziwa chaka chimene malemu anapita ku Joni ndi chimene chinawabweza. Koma tonse okhala pansi timadziwa kuti woyankhulayo akusankha. Zina akuzikweza, zina akuzidutsa mothamanga, ndipo mayi wina amene wakhala kuseri kwa nyumba akudziwa mbali imene sinenedwa lero. Mufilimu iyi Gadjigo ndiye woimirira uja.

Iye anakulira ku Kidira, kum'mawa kwa Senegal m'malire ndi Mali, pa njanji yochoka ku Dakar kulowera ku Bamako. Sukulu ya nthawi imeneyo inamuphunzitsa kusirira chilichonse cha ku France, ndipo amavomera yekha kuti ankalakalaka kukhala Mfalansa. Ali ndi zaka 17 anawerenga buku la Sembène la mu 1960, Les Bouts de bois de Dieu, lonena za sitiraka ya ogwira ntchito pa njanji yomweyo mu 1947 ndi 1948. M'bukumo anapeza anthu a kwawo, a mayina ngati ake, ali eni nkhani, akulimbana ndi mabwana achitsamunda osagonja. Atakula n'kukhala mphunzitsi ku America anamufunafuna wolembayo. Poyamba sanalandiridwe bwino, koma pamapeto pake anayenda naye zaka zambiri, akumukonzera maulendo, akumujambula, akulemba mbiri yake.

Chifukwa cha ubale umenewu khomo linatseguka. Filimuyi imatilowetsa m'nyumba ya Sembène ku Yoff, m'mphepete mwa nyanja ya mchere pafupi ndi Dakar, nyumba imene ankaitcha Galle Ceddo. Mwiniwake atamwalira inakhala yotseka, ndipo Gadjigo atalowamo anapeza zitini za mafilimu zitachita dzimbiri, mapepala akuwonongeka. Gawo limeneli limandiwawa kuposa ena onse. Kuno kunyanja tikudziwa zimene chinyezi ndi chiswe zimachita ndi pepala. Aliyense amene wasunga filimu yake pa memori khadi imodzi yokha, kapena pa foni imene mawa ingagwere m'madzi ku Chia, aone gawo ili ndipo alingalire. Ntchito ya munthu amene mayiko ankamulemekeza inkathera m'chitini patangopita zaka zochepa chimwalirireni. Documentary iyi inali mbali ya khama lopulumutsa zimenezo, ndipo pa ichi chokha iyenera kulemekezedwa.

Imafotokozanso momveka bwino chimene chinachititsa munthu wolemba mabuku otchuka kutembenukira ku kamera ali ndi zaka pafupifupi 40. Ku Marseille anavulala msana pantchito, ndipo nthawi imene ankachira inamukankhira ku mabuku ndi ku ndale za mabungwe a ogwira ntchito. Buku lake loyamba linatuluka mu 1956. Koma Senegal italandira ufulu mu 1960 anabwerera kwawo n'kuona kuti anthu amene ankawalembera, asodzi, amayi a pamsika, ogwira ntchito pa njanji, sangawerenge Chifalansa. Mu 1962 anali ku Moscow akuphunzira kupanga mafilimu ku Gorky Studio. Ankati kanema ndi sukulu ya madzulo ya anthu wamba. Tisaiwale kuti kuyambira 1934 lamulo la atsamunda, lodziwika ndi dzina la Pierre Laval, linkaletsa munthu kujambula filimu m'mayiko a mu Africa olamulidwa ndi France popanda chilolezo cha boma, ndipo anthu akuda chilolezocho sankachiona. N'chifukwa chake Paulin Soumanou Vieyra ndi anzake anakajambulira filimu yawo ya mu 1955, Afrique-sur-Seine, ku Paris. Munthu akamva zimenezi amamvetsa kuti kafilimu ka mphindi pafupifupi 20 ka mu 1963, Borom Sarret, sikanali kanthu kakang'ono. Ndi nkhani ya tsiku limodzi la munthu woyendetsa ngolo ya hatchi ku Dakar, amene wapolisi amamulanda ngoloyo chifukwa walowa nayo kudera la olemera.

Tizigawo ta mafilimu timene anasankha n'tokongola, ndipo kwa munthu amene sanaonepo filimu ya Sembène timatsegula maso. Muli Diouana wa mu La Noire de... ya mu 1966, mtsikana amene mabwana ake achizungu amutenga ku Dakar kupita naye ku Antibes, iye akuganiza kuti akukalera ana ndi kuona France, koma amangotsekeredwa m'nyumba akukolopa mpaka kudzipha. Muli Xala ya mu 1975, momwe akuluakulu a bizinesi amathamangitsa azungu m'chipinda cha msonkhano, azungu omwewo n'kubwerera ndi zikwama zodzaza ndalama, aliyense n'kulandira chake mwakachetechete. Ndipo muli Mandabi ya mu 1968, imene ndimaikonda kuposa zonse. Bambo wina wosagwira ntchito, Ibrahima Dieng, wa akazi awiri ndi ana ambiri, amalandira chikalata cha ndalama kuchokera kwa mphwake amene akusesa misewu ku Paris. Ku positi amuuza kuti abwere ndi chiphaso. Chiphaso chikufuna kalata yakubadwa, chikufuna chithunzi, ndipo paliponse pali wina wofuna kangachepe. Pamene iye akuzungulira m'maofesi, mudzi wonse wamva kale kuti kwa Dieng kwagwa ndalama: ongongoza afika, opempha afika, akazi ake atenga kale mpunga pangongole kugolosale. Aliyense amene anadikirapo ndalama ya m'bale wa ku Joni, abale atamva kale iye asanaigwire, saifuna womasulira nkhani imeneyi. Mandabi inali m'Chiwolofu, chiyankhulo cha anthu ake, ndipo inalandira mphotho ku Venice.

Chimene ambiri amaiyamikira filimu ya Gadjigo ndi Silverman n'chakuti sinabise mabala a munthu wake. Izi n'zoona, ndipo si zachizolowezi m'mafilimu a mtundu uwu. Timamva kwa mwana wake, Alain, za bambo amene ntchito inali patsogolo ndipo banja pambuyo. Timamva za ukwati wake ndi mayi wa ku America umene unatha. Ndipo timamva nkhani yolemera ya Camp de Thiaroye ya mu 1988. Filimu imeneyo ikunena za asilikali a mu Africa amene anamenyera nkhondo France, n'kubwerera ku Senegal, ndipo atafunsa malipiro awo anawomberedwa ndi asilikali a France pa 1 December 1944 ku kampu ya Thiaroye. Ndi filimu yamphamvu, inapambana mphotho ku Venice, ndipo inatha zaka zambiri osaonetsedwa ku France. Boma la France linadzavomereza mu 2024, kudzera m'kalata ya pulezidenti Emmanuel Macron, kuti kumeneko kunali kupha anthu mwankhanza. Koma nkhani ya Thiaroye anali ataiyamba kale achinyamata awiri, wolemba mabuku Boubacar Boris Diop ndi wotsogolera mafilimu Ben Diogaye Bèye. Thandizo limene linkayembekezeka kupita ku filimu yawo linathera ku ya Sembène, ndipo yawo sinapangidwe. Documentary imainena nkhaniyi poyera.

Kenako pali Moolaadé ya mu 2004, filimu yake yomaliza, imene inatuluka iye ali ndi zaka 81. Anaijambulira m'mudzi wina ku Burkina Faso. Ndi nkhani ya mayi wotchedwa Collé amene amabisa atsikana anayi othawa mdulidwe wa akazi, n'kumanga chingwe pakhomo pake chimene mwa mwambo wofuna kuwagwira atsikanawo sangachidumphe. Amuna a m'mudzimo amalanda mawailesi a akazi n'kuwatentha pabwalo. Gadjigo analipo pojambula, ali ndi kamera yake, ndipo anatisungira chinthu chovuta kuonera: pojambula gawo la mdulidwe, kamtsikana kakulira ndi mantha enieni, osati a sewero, ndipo Sembène sakuimitsa ntchito.

Tinaonera gawo limeneli pa laputopu ndi achinyamata angapo a gulu la zisudzo, ndipo mtsikana wina amene amalemba masewero awo anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Achimwene, ndiye kamwana kaja anakapepesa? Nanga amayi ake anali kuti?" Palibe anamuyankha, chifukwa filimuyo sitsata funso limenelo. Imationetsa chilondacho, imavomera kuti ndi chilonda, kenako imatitengera ku Cannes kumene Moolaadé ikulandira mphotho ya Un Certain Regard anthu akuomba m'manja. Apa m'pamene ndimayamba kutsutsana nayo.

Kuulula cholakwa ndi chinthu china, kuchiyeza kulemera kwake ndi chinanso. M'kakonzedwe ka filimuyi cholakwa chilichonse cha Sembène chimaikidwa pamalo oti chitsatiridwe ndi chipambano, kotero woonera amatuluka akuganiza kuti nkhanzazo zinali mtengo umene unayenera kulipidwa kuti luso lalikulu libadwe. Ine sindivomereza. Filimu yoteteza ana aakazi imene yaopseza mwana wamkazi pojambula ili ndi funso loti iyankhe, ndipo funsolo silifafanizika ndi mphotho. Chimodzimodzi za Thiaroye: timamva kuti panali kuwawidwa mtima, koma filimu imene sinabadwe ija, ndi zaka za Ben Diogaye Bèye zimene zinapita nayo, sizipatsidwa nthawi yofanana ndi imene ipatsidwa kusungulumwa kwa Sembène pambuyo pake. Ndikunena izi molimba chifukwa wachinyamata amene akuyamba kutsogolera anzake asanu pa gombe angatengepo phunziro loipa, loti wotsogolera weniweni ndi wokalipa, wosamva za wina, amene anthu amamukhululukira chifukwa ndi waluso.

Palinso vuto la wosimba amene ali m'kati mwa nkhani yake yomwe. Monga filimuyi ikuonetsera, Sembène atatha Camp de Thiaroye anali munthu wotayidwa ndi ambiri kwawo, ndipo maulendo a ku America amene Gadjigo anakonza ndiwo anamubwezera mphamvu. Mwina zinalidi choncho. Koma wotiuza zimenezi ndi Gadjigo yemweyo, ndipo palibe liwu lina lamphamvu loti litsimikize kapena likane. Sindikumunena kuti ndi wabodza. Chikondi chake n'choonekeratu ndipo n'chimene chimapatsa filimuyi mtima. Ndikungoti woonera azikumbukira kuti akumva mbali ya munthu mmodzi, ngakhale pamene zithunzi zakale zikupangitsa zonse kuoneka ngati mbiri yosatsutsika.

Tsopano ku funso la achinyamata lija, ngati filimuyi ingaphunzitse ntchito. Apa ndi pamene imaperewera kwambiri, ndipo kuperewera kumeneku n'kwa pafupifupi mafilimu onse a mtundu uwu. Ola limodzi ndi theka liyenera kunyamula zaka 84 za moyo wa munthu, mabuku ake, ndi mafilimu ataliatali asanu ndi anayi. Choncho filimu iliyonse imalandira mphindi zochepa, ndipo wodula zithunzi amasankha malo otentha: pamene wina akumenyedwa, pamene mfuti ikulira, pamene opemphapempha akulavulira munthu wolemera kumapeto kwa Xala. Koma luso la Sembène silinali m'malo otentha okha. Linali m'kudekha.

Tengani Emitaï ya mu 1971. Nthawi ya nkhondo yachiwiri, asilikali a France afika m'mudzi wa anthu a mtundu wa Diola ku Casamance kudzalanda mpunga. Akazi aubisa usiku. Asilikali amawasonkhanitsa akaziwo n'kuwakhazika padzuwa, mfuti zitawazungulira, kuti mpaka aulule. Amuna ali pansi pa mtengo wopatulika akukambirana ndi kufunsa milungu yawo. Akazi sayankhula. Kamera imakhala pa iwo nthawi yaitali, imachoka, imabwereranso, iwo ali chikhalire, mpaka woonera amayamba kumva dzuwalo pamsana pake ndi kuzindikira yekha kuti olimba mtima m'mudzimo ndani. Ife olima mpunga tikudziwa kuti mpunga wa chaka chonse ukalandidwa chatsala n'chiyani. Mphamvu ya gawo limeneli ili m'kutalika kwake. Ukalidula kuti likwane theka la mphindi, pamwamba pake n'kuikapo mawu a wosimba, chimatsala ndi chithunzi chokongola cha akazi okhala pansi, ndipo chimene Sembène ankachidziwa, kuti kamera iime pati ndipo idikire mpaka liti, chapita. Wophunzira amatuluka akudziwa zimene mafilimuwo ankanena, osadziwa mmene ankanenera.

Nkhani ya ndalama nayonso imadutsidwa mofulumira, chonsecho ndi imene imapha mafilimu ambiri asanabadwe. Ofesi ya boma la France yothandiza mafilimu a mu Africa inakana kuthandiza La Noire de... isanajambulidwe, n'kudzagula ufulu woionetsa itatha. Mandabi inapangidwa ndi ndalama za ku France, ndipo Sembène anayenera kuijambula kawiri, m'Chifalansa ndi m'Chiwolofu. Camp de Thiaroye inatheka chifukwa Senegal, Algeria ndi Tunisia anasonkherana. Filimu imene ankailota moyo wake wonse, ya Samori Touré amene analimbana ndi Afalansa, sinapangidwe n'komwe. Mmene munthu amapezera ndalama kwa amene akuwadzudzula, osagulitsa nkhani yake, ndi phunziro limene wopanga mafilimu wa ku Malawi akulifuna kwambiri. Shemu Joyah, amene anajambula The Last Fishing Boat ya mu 2012 pa nyanja yathu yomweyi, ntchito yake ina ndi yoyeza malo. Kuno filimu imadyetsedwa ndi ntchito ina ya mwiniwake, ndipo tikanapindula kumva mwatsatanetsatane mmene Sembène ankayendetsera kampani yake chaka ndi chaka.

Ndiye pali anthu ena onse. Mutu umodzi susenza denga, koma documentary ya wotsogolera imamangidwa ngati kuti umasenza. Georges Caristan anagwira kamera pa Emitaï, Xala ndi Ceddo. Nyimbo za Ceddo anapeka Manu Dibango wa ku Cameroon. Camp de Thiaroye Sembène anaitsogolera limodzi ndi Thierno Faty Sow. Nkhope ya Dieng imene imatiseketsa n'kutimvetsa chisoni nthawi imodzi ndi ya Makhourédia Guèye. Diouana anali Mbissine Thérèse Diop, koma mawu a mumtima mwake amene timamva m'Chifalansa anayankhula ndi Toto Bissainthe wa ku Haiti, kotero filimu yonena za mtsikana wolandidwa mawu inamupatsa mawu a munthu wina. Nkhani ngati imeneyi payokha ikanadzaza theka la ola. Anthu awa sapatsidwa malo olingana ndi ntchito yawo. Dzina loti tate wa mafilimu a mu Africa nalonso limaphimba ena. Ku Egypt ankapanga mafilimu kuyambira m'zaka za m'ma 1920. Vieyra anayamba Sembène asanagwire kamera, ndipo anamuthandiza pa ntchito zake. Moustapha Alassane wa ku Niger anali akujambula kale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ku Senegal komweko kunali Djibril Diop Mambéty, amene Touki Bouki yake ya mu 1973 inatsata njira yosiyana kotheratu, ndi Safi Faye, mayi amene anajambula moyo wa alimi a kwawo. Sembène sachepa tikatchula anthu awa. Amamveka bwino, chifukwa timaona amene ankakangana nawo ndi amene ankaphunzirana nawo.

Gawo la Ceddo ya mu 1977 ndi limene ife a ku Nkhotakota tingaliweruze bwino kuposa woonera wa ku Sundance. Filimu imeneyo ikunena za ufumu wakale kumene mfumu ndi nduna zake alowa Chisilamu, ndipo anthu wamba okana kusiya mwambo wa makolo agwira mwana wamkazi wa mfumu, Dior, posonyeza kukana kwawo. M'mudzimo mulinso wansembe wachikatolika ndi mzungu wamalonda amene amasinthanitsa mfuti ndi mowa ndi akapolo. Mfumu ikafa imamu amatenga mpando, ndipo pomaliza Dior amamuwombera. Boma la pulezidenti Léopold Sédar Senghor linailetsa ku Senegal, ponena kuti dzina lake liyenera kulembedwa ndi d mmodzi. Sembène anakana kusintha, ndipo ambiri amakhulupirira kuti chifukwa chenicheni chinali kuopa kukhumudwitsa atsogoleri a chipembedzo. Documentary imaipereka nkhaniyi ngati umboni wa kulimba mtima kwa munthu wosaopa pulezidenti kapena shehe. Kulimba mtimako kunalipodi.

Koma kuno ku Linga, kumene Jumbe Salim bin Abdullah anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, kumene akapolo ankakwezedwa m'zombo kuwoloka nyanja, kumene David Livingstone anadzakhala pansi pa mkuyu m'zaka za m'ma 1860, ndipo lero mzikiti, tchalitchi cha Anglican ndi dambwe zili m'dera limodzi, tikudziwa kuti nkhani yotere siithera pa kulimba mtima kwa wojambula. Bambo wina wachikulire wa Chisilamu, amene anaphunzitsapo sukulu zaka zambiri, ataona Ceddo yonse anandiuza kuti, "Mwana wanga, munthuyu sakunyoza Mulungu. Akunena za munthu wofuna mpando amene wavala mkanjo. Koma akanafunsako ife amene tinabadwira m'chipembedzochi kuti zikutikhudza bwanji." Mawu amenewa ali ndi zonse ziwiri, kuvomereza ndi kudandaula, ndipo liwu lotere ndi limene ndinalisowa mu documentary. Sembène mwiniwake anakulira m'banja lachisilamu ndipo anapitako ku madrasa. Dziko lake anthu ochuluka ndi Asilamu. Kodi asodzi a ku Yoff, anansi ake, ankati chiyani za Ceddo? Kodi amayi a m'mudzi umene anajambulira Moolaadé anailandira bwanji itatha? Munthu amene ankati kanema ndi sukulu ya madzulo, ophunzira a sukuluyo ndiwo anayenera kufunsidwa. M'malo mwake oyankhula ambiri ndi ophunzira kwambiri, olemba mabuku ndi a pafupi naye.

Izi zikugwirizana ndi funso loti filimuyi anapangira yani. Ili m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chiwolofu, ndipo njira yake yoyamba inali ya zikondwerero za ku America ndi ku Ulaya. Kafotokozedwe kake n'ka munthu amene akudziwitsa alendo za m'bale wake wotchuka. Opanga ake anazindikira mpata umenewu, ndipo kuyambira 2017 anayambitsa ntchito yotchedwa Sembène Across Africa, yoonetsa documentary iyi ndi mafilimu a Sembène kwaulere m'mayiko ambiri a mu Africa. Ndi chinthu chabwino, ndipo chikusonyeza kuti anamumvetsa munthu wawo. Komabe mayi wogulitsa usipa pamsika wa pa boma, amene Sembène akanafuna kuti akhale pamzere woyamba, sangathe kuthamangitsana ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa chithunzi.

Njira yofikira kwa mayi ameneyu tili nayo kale. M'mavidiyo sho a m'misika yathu anyamata amamasulira m'Chichewa mafilimu a karate ndi a ku India, ndipo anthu amadzaza pa mabenchi. Luso lomwelo, atapeza chilolezo kwa eni mafilimu ndi womasulira wosamala amene sangathire nthabwala pamene Sembène anafuna chete, likhoza kubweretsa Mandabi ku Dwangwa ndi Emitaï kwa alimi a mpunga a m'mbali mwa Bua. Kwa achinyamata a mafoni aja, malangizo anga ndi a dongosolo chabe: yambani ndi Borom Sarret, imene inakonzedwanso mu 2013 ndipo zithunzi zake zikuoneka bwino. Ioneni kawiri, kachiwiri mutatseka mawu, mukuyang'ana pamene kamera yaima ngolo ikamakwera kupita kudera la olemera. Kenako Mandabi yonse, osadumpha. Documentary ibwere pachitatu, mutakhala kale ndi mafunso anu oti muifunse.